Kodi Nthabwala Zimaononga Sewero la Nkhani ya Misozi?

(Mawu amene mlimi mnzathu anayankhula pa msonkhano wa makalabu omvera wailesi kuno ku Angónia)

Ine ndine mlimi wa chimanga, nyemba ndi mbatatesi. Sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndiye ndiyankhula monga m'mene timayankhulira pabwalo.

Nkhani imene ndapatsidwa ndi yomwe yatigawa pawiri m'kalabu mwathu kwa masabata atatu tsopano. Tinagwirizana kuti tikonze sewero la magawo 6 loti tikajambule ku wailesi yathu ya m'dera, lonena za kukwatitsa ana aang'ono. Pa mutuwo palibe akutsutsa. Pavuta ndi pa munthu mmodzi wa m'seweromo, malume ake a mtsikana, bambo wokonda kachasu ndi kudzitama, amene anyamata anamulemba kuti azitiseketsa. Amayi ena akuti malumeyo achotsedwe, chifukwa nkhani ya mwana wa zaka 14 amene akumuchotsa sukulu siyosekera. Anyamata akuti mukachotsa malumeyo anthu adzapotokola wailesi n'kukamvera mpira. Onsewa ali ndi mfundo. Maganizo anga ndi akuti malume akhale, koma tiwapatse ntchito. Nthabwala imene ikusenza katundu wa nkhani ndi yabwino. Imene yangokwera ngolo osasenza kanthu, itsike.

Mantha a amayi ndi oona

Ndiyambe ndi amayi, chifukwa mantha awo si achabe. Nkhani imeneyi ndi ya moyo wa munthu. Kuchokera mu 2019 dziko lathu lili ndi lamulo, nambala 19/2019, loletsa ukwati uliwonse wa mwana amene sanakwane zaka 18. Wokwatira mwanayo ali pa mlandu, makolo amene amupereka nawonso ali pa mlandu, ngakhale mtsogoleri amene wavomereza. Palinso nambala ya 116, ya Linha Fala Criança, imene munthu angaimbe mwaulere. Koma tonse tikudziwa kuti lamulo kukhala pa pepala n'kwina, kufika m'mudzi n'kwinanso. Feteleza akadula, mvula ikavuta, venda wa mbatatesi akabwera ndi galimoto yake n'kulonjeza matumba, makolo ena amayang'ana kumbali. Amayi amene akukana malumewa ena a iwo anaperekezapo mwana wotere kuchipatala usiku pa machira. Akamva anthu akuseka pa nkhani imeneyi, mtima umawapweteka. Tisawanene kuti sadziwa msangulutso.

Koma tiyeni tidzifunse. Kodi kwathu kuno kuseka ndi kulira sizikhala pa mphasa imodzi?

Tiphunzire kwa adzukulu

Taonani pa maliro. Palibe nkhani yolemera kuposa imfa. Koma pitani kumanda m'mamawa pamene adzukulu akukumba. Mudzapeza akunyogodolana, wina akuseka mnzake kuti khasu likumulemera, wina akudandaula mokweza kuti nsima yachedwa. Palibe amawakalipira. Popanda kusekako ntchito imeneija munthu sangaipirire. Usiku pa siwa, nyimbo zikatha, pamakhalanso wina wofotokoza zoseketsa zimene malemu ankachita ali moyo, mpaka namfedwa amene kumwetulira pang'ono.

Koma taonaninso izi. Bokosi likamatsika m'dzenje, mdzukulu yemwe uja amakhala chete, mutu pansi. Palibe amamuuza, amadziwa yekha. Ndipo simudzamva mdzukulu akuseka misozi ya mayi wofedwa. Amaseka mnzake, amaseka ulesi, amaseka umbombo wa achibale, koma woferedwa ayi. Amene angachite zimenezo mawa lake aitanidwa kwa mfumu.

Gule wamkulu nayenso ndi chimodzimodzi. Za kudambwe sindinena, ndingonena zimene aliyense amaona pabwalo. Gule ameneyu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 m'dzina la maiko atatu, Mozambique, Malawi ndi Zambia, amavinidwa pa maliro, pa chinamwali ndi polonga ufumu. Zonsezo ndi nkhani zikuluzikulu. Komabe pabwalo lomwelo pamatuluka Simoni wa nkhope yofiira, anthu n'kugwa ndi phwete. Zilombo zina zimayerekeza chidakwa, zina munthu wachiwerewere, zina wonyada. Timaseka, koma amene ali ndi khalidwe limenelo amabwerera kwawo atamva m'bebe, popanda womutchula dzina. Makolo athu anadziwa kale kuti nyimbo imodzi sachezera gule.

Zimene tamva pa wailesi

Tibwere ku wailesi. Ife a m'malire tili ndi mwayi woti timamva za mbali zonse ziwiri. Ambiri a ife tinakula tikumvera masewero a ku Malawi, chifukwa chiyankhulo ndi chimodzi, ndipo makolo athu ambiri anakhalako ku Dedza ndi ku Ntcheu nthawi ya nkhondo imene inatha mu 1992. Mukukumbukira Zimachitika, sewero la Story Workshop limene linayamba mu 1997. Mukukumbukiranso Tikuferanji. Tamvani dzina lokhalo. Ndi funso la pa maliro, ndipo nkhani yake yaikulu inali Edzi, pa nthawi imene matendawa ankatha anthu m'midzi ndipo ambiri ankaopa ngakhale kuwatchula. Koma m'sewero lomwelo munali Manganya, amene ankatiseketsa mpaka misozi. Anthu ankasonkhana chifukwa cha Manganya, koma ankachoka atamva za kuyezetsa magazi. Zinthu zimene bambo sakanatha kunena pamaso pa apongozi ake zinkatuluka pa wailesi onse ali pomwepo, ndipo kusekako kunkachotsa manyazi. Munthu amene ankasewera Manganya, a Michael Usi, anafika pokhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko la Malawi kuchokera mu 2024 kufika mu 2025. Ndiye woseketsa anthu musamamuyese wopepera.

Tisasokoneze ndi Izeki ndi Jakobo, malemu a John Nyanga amene anatisiya mu 2016 ndi malemu a Eric Mabedi amene anatisiya mu 2021. Awo pa awiriwiri wawo uja kuseketsa ndiye inali nsima yeniyeni, phunziro linkabwera ngati ndiwo. Sewero lathuli ndi losiyana. Kwa ife nsima ndi nkhani ya mtsikana. Likufanana kwambiri ndi Ouro Negro, novela ya pa wailesi imene inayamba mu 2015 pa Rádio Moçambique ndi mawailesi a m'madera mothandizidwa ndi UNICEF, yokamba za umoyo wa ana, kadyedwe ndi maukwati a ana omwewa. Ndiye funso lathu si lakuti kuseka n'kwabwino kapena ayi. Funso ndi lakuti kusekako kukugwira ntchito yanji m'nkhani yolemera.

Chitsanzo cha kutali

Mundilole ndikutengeni kutali pang'ono, chifukwa mkangano uwu si wathu wokha. Ku America kuli masewero a pa kanema a nkhani zopeka za sayansi, onena za m'tsogolo ndi maulendo a m'mlengalenga. Limodzi lotchuka ndi Star Trek, limene linayamba mu 1966. Ndi nkhani ya anthu oyenda m'chombo chachikulu pakati pa nyenyezi, ndipo magawo ake ambiri ndi a nkhondo, imfa, matenda ndi kusankhana mitundu. Mwana wa mlongo wanga amene ali ku sekondale anandionetsa gawo limodzi pa foni, akundimasulira. Linaulutsidwa mu Disembala 1967, analemba ndi David Gerrold, ndipo dzina lake ndi The Trouble with Tribbles. Ndalisankha chifukwa ndi nkhani ya nkhokwe.

Kaputeni wa chombocho, Kirk, aitanidwa mwachangu ngati kwagwa nkhondo. Kufika, apeza kuti amuitanira kudzalondera mbewu, mtundu wina wa tirigu, ngati uja amalima anzathu ku Tsangano, woti akadzale ku dziko lina limene akulimbirana ndi adani awo otchedwa ma Klingon. Kirk akwiya kuti msilikali wamkulu ngati iye amusandutsa mlonda wa nkhokwe. Pamalo pomwepo pali wamalonda wina amene akugulitsa tinyama taubweya, tozungulira ngati mpira, tokongola, totchedwa tribble. Mmodzi wa m'chombomo atengako kamodzi. Vuto lake, tinyamati timabadwa tili kale ndi bere, ndipo ntchito yake ndi kudya ndi kuswana basi. Pasanathe masiku tadzaza chombo chonse, pa mipando, m'mbale za chakudya, paliponse. Kirk athamangira ku nkhokwe, atsegula chitseko cha pamwamba, tinyama tija timugwera mpaka kumukwirira m'chifuwa. Mnzake Spock, munthu wosaseka, awerengetsa bwinobwino nanena kuti tafika 1,771,561. Ine ndinaseka kwambiri, chifukwa ndinakumbuka anankafumbwe ndi makoswe a m'nkhokwe zathu.

Koma tamvani pamene nkhani inakhotera. Pakati pa kuseka komweko, aona kuti tinyama tambiri m'nkhokwemo tafa. Dokotala apima, apeza kuti mbewu ija munthu wina anaithira poizoni. Pakanapanda tinyama tadyerato, mbewuyo ikanakapha anthu. Chinanso, tinyamati timakonda anthu koma timalira mokuwa tikayandikira mu Klingon. Poyamba zimenezi zimaoneka ngati nthabwala chabe. Pamapeto n'zimene zikugwiritsa kazitape, mu Klingon amene anadzisintha nkhope n'kumagwira ntchito ngati wothandizira wa mkulu woyang'anira mbewuyo. Mwaona? Chimene chimatiseketsa n'chomwecho chinaulula chinsinsi. Mukachotsa tinyamato nkhani yonse yagwa. Anthu analikonda gawo limeneli mpaka mu 1996 opanga Deep Space Nine, sewero lina la banja lomwelo la Star Trek, anapanga gawo lobwereranso ku nkhani yomweyi. Ndipo sewerolo silinasanduke la nthabwala. Kirk anali Kirk yemweyo, magawo otsatira anabwerera ku nkhani zolemera.

Pamene nthabwala imaononga

Tsopano ndikupatseni mbali inayo, kuti amayi aone kuti ndawamva. Mukudziwa nyumba za vidiyo za m'misika yathuyi, kumene amaonetsa mafilimu omasuliridwa m'Chichewa. Omasulira ena ndi aluso ndithu, amatithandiza ife osamva chizungu kutsata nkhani. Koma ena amaganiza kuti ntchito yawo ndi kuseketsa mphindi iliyonse. Tsiku lina ndinaonera Terminator 2, filimu ya mu 1991 ya Arnold Schwarzenegger. Pamapeto pake makina aja amene akhala akuteteza kamnyamata ngati bambo ake avomera kutsitsidwa m'chitsulo chosungunuka kuti dziko lipulumuke, kamnyamata kakulira. Pamenepo ndi pamene bokosi limatsika m'dzenje. Womasulira uja m'malo mokhala chete anayamba kunena zoti mkuluyu akukasamba madzi otentha chifukwa cha kuzizira kwa mu Juni. Nyumba yonse inaseka. Potuluka, anyamata ankangobwereza za kusambazo. Zoti wina wapereka moyo wake chifukwa cha mwana palibe anazitenga. Nthabwala inali yoseketsa ndithu, koma inaba nkhani. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Zimenezi n'zimene amayi akuopa, ndipo m'mene malume alembedwera panopa, mantha awo akhoza kupherezera. Ndawerenga zimene anyamata alemba. Malume akugwa m'ngalande, akusokoneza Chipwitikizi, akuthamangitsidwa ndi galu. Zonsezo n'zoseketsa, koma mutazichotsa nkhani ya mtsikana siisintha ngakhale pang'ono. Pali malo enanso amodzi pamene malume akuseka m'mene mtsikana akuyendera ndi pakati. Pamenepo pokha ndikupempha kuti tifute lero lomwe. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso atatu

Ndiye ndikupempha kuti nthabwala iliyonse m'sewero lathu tiifunse mafunso atatu.

Loyamba, kodi tikuseka ndani? Tiseke umbombo wa malume, tiseke kunyada kwa venda, tiseke mantha a munthu wamkulu amene akudziwa choona koma akuopa kutaya thumba la feteleza. Mwana amene akulakwiridwa tisamuseke, mayi ake tisawaseke. M'midzi mwathu muli atsikana amene zinawachitikira kale, ndipo adzakhala pafupi ndi wailesi tsiku limenelo. Asadzamve mudzi wonse ukuwaseka.

Lachiwiri, kodi tikaichotsa, nkhani ikhala yathunthu? Ngati inde, imeneyo ndi udzu m'munda. Udzu umabiriwira bwino, koma umadya feteleza wa chimanga. Mphindi zathu pa wailesi ndi zochepa, tisazipereke kwa galu wothamangitsa malume.

Lachitatu, kodi ikudziwa nthawi yokhala chete? Akuluakulu anati ukatambatamba umayang'ana kum'mawa, kungakuchere.

Ntchito ya malume

Tsono ntchito imene ndikufuna tiwapatse malume ndi iyi. M'gawo loyamba tiwaone akuwerengera chuma chimene sichinafike, matumba 4 a feteleza, malata 12 ndi foni. Akuyeserera m'mene adzakhalire ku mpando wa kutsogolo wa galimoto ya venda, dzanja panja, akupatsa moni anthu pa msewu wa ku Calómuè. Omvera aseke, koma pamene akuseka akhale akumva mtengo umene waikidwa pa mutu wa mwana. Aphunzitsi akabwera kudzafunsa chifukwa chimene mtsikana wasiyira sukulu, malume alumbire kuti mwanayu ndi wamkulu, ali ndi zaka 18, sedula yake inadyedwa ndi chiswe.

M'gawo lachiwiri tiwapeze pa mowa. Atakhuta, ayambe kudzitama kuti mwana ameneyu ali moyo chifukwa cha iwo, chifukwa ndi iwo amene ananyamula mayi ake pa njinga usiku kupita kuchipatala tsiku limene anabadwa, njinga yake ili yatsopano, angoigula kumene ndi ndalama za fodya. Atchule ndi chaka chomwe, chifukwa munthu wodzitama saiwala chaka chimene anagula njinga. Anthu aseke kudzitamako. Koma pa mowa pomwepo pakhale nduna ya mfumu, imene yangomva osayankha.

M'gawo lachinayi, pamene mtsikana wadwala ndipo akuthamanga naye kuchipatala, malume akhalepo, koma asanene nthabwala ngakhale imodzi. Omvera amene azolowera kuti akamva mawu awo aseka, adzadikira, osamva kanthu. Adzangomva munthu akupalasa njinga yomwe ija, akupuma mwawefuwefu. Munthu wolongolola akakhala duu, mudzi wonse umadziwa kuti zinthu zavuta.

M'gawo lachisanu, pa bwalo la mfumu, banja likakamire kuti mwana ndi wa zaka 18. Apo nduna ija idzuke, ifunse malume kuti kodi njinga yanu ija munagula chaka chanji. Pakamwa pawo pomwe pawagwire. Anthu adzaseka, inde, koma kumeneko kudzakhala kuseka koti choona chatuluka. Kuchokera pamenepo mfumu itumize nkhani kwa oyenera, ndipo gawo lomaliza litionetse njira yoti mtsikana abwerere ku sukulu, ndi nambala ija ya 116. Mukatero malume sangachotsedwenso, chifukwa popanda iwo mlandu sungathe. Anyamata apeza woseketsa wawo, amayi apeza ulemu wa mwana wawo.

Tiyese mbewu tisanadzale

Pomaliza, ife alimi sitidzala munda wonse ndi mbewu imene sitinaiyese. Ndikupempha kuti tikajambula gawo loyamba ndi lachiwiri pa foni, tisathamangire nazo ku wailesi. Tikaziseweretse kaye kwa anthu amene si a kalabu, ku chigayo, pa mjigo, ngakhale pa bawo. Tisawafunse tsiku lomwelo, chifukwa adzangoti zili bwino potichitira ulemu. Tibwerere mawa lake tiwafunse kuti mwakumbuka chiyani. Akangobwereza mawu a malume okha, tidziwe kuti nthabwala yaba nkhani, tichepetse. Akati malume aja ngoseketsa koma mwana uja akumulakwira, kodi zitha bwanji, tidziwe kuti takhoza. Pofunsapo pakhale amayi awiri mwa amene akukana aja ndi anyamata awiri mwa amene analemba, kuti onse akadzimvere okha ndi makutu awo.

Ndipo inu a makalabu ena, nanunso muli ndi masewero anu, a kolera, a kugulitsa chimanga chisanaume, a nkhanza za m'banja. Mafunso atatu aja muwatenge, mukawayese kwanu, mudzatiuze pa msonkhano wotsatira ngati athandiza. Mutu umodzi susenza denga.

A wapampando, zanga zathera pamenepa. Ndikupempha kuti amayi amene anadandaula aja apatsidwe mpata woyamba kuyankhapo.